Waya akaduka pa chitseko cha galimoto: kakonzedwe koti musadzabwererenso pomwepo

Galasi la kwa dalaivala likayamba makani, lero latsika mawa lakana, ambirife timathamangira ku Malangalanga kapena mu Ndirande kukasaka swichi ina. Swichiyo ikapanda kuthandiza timagulanso mota yoyendetsa galasi. Ndalama zapita kawiri, vuto lili pompo. Zinandichitikira pa Corolla yanga. Tsiku lina injini ikulira ndinadina swichi chitseko chili chotsegula theka, galasi n'kutsika bwinobwino. Nditatseka chitseko linakananso. Apo m'pamene ndinazindikira kuti mota ndi swichi zinalibe mlandu. Waya anali ataduka m'kati mwa paipi ya labala ija yokhala ndi makwinya, imene ili pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, pafupi ndi mahinjesi.

Mawaya onse a m'chitseko amadutsa mu paipi imeneyi: a magalasi, a maloko, a sipika, a galasi la pambali loonera kumbuyo. Chitseko chikatsegulidwa amapindika, chikatsekedwa amapindikanso, ndipo amapindikira malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Aliyense amene anadulapo waya wa mpanda wopanda pulayala akudziwa chimene chimachitika: umangomupinda uku ndi uku mpaka athyoke yekha. Kopa amateronso, kungoti amatenga zaka. Magalimoto ambiri amene tikuyendera anabwera kuchokera ku Japan atagwira kale ntchito zaka zambiri, kenako tawaonjezera dzuwa la mu Okutobala limene limaumitsa khungu la waya mpaka kung'ambika. Chitseko cha kumanja, cha dalaivala, n'chimene chimayamba kudwala chifukwa ndicho chimatsegulidwa kwambiri, komanso ndicho chili ndi mawaya ochuluka. Chitseko cha kumbuyo chonyamula m'mwamba cha Vitz, Fit kapena Probox chimadwala matenda omwewa, ndipo kakonzedwe kake n'kofanana. Zitseko zotsetsereka ngati za Sienta zili ndi kamangidwe kena, sindikunena za izo.

Yambani mwatsimikiza kuti vuto lilidi pamenepo

Onani fyuzi kaye, chifukwa sizitenga nthawi. Ngati ili bwino, tembenuzani kiyi kufika pa ON, gwirani swichi ya chimene chikukanacho osaisiya, ndipo muziyendetsa chitseko pang'onopang'ono kuchokera potseka mpaka potsegula kwathunthu. Mvetserani. Mota ikangolira penapake, kapena sipika ikayamba kuthetheka, mwapeza malo ake. Ngati palibe chikusintha, finyani paipi ija ndi zala n'kuigwedeza uku wina akugwirirani swichi.

Chizindikiro china n'chakuti zinthu zingapo za chitseko chimodzi zafa pamodzi kapena motsatizana. Mota ya galasi ndi loko sizingawonongeke sabata imodzi popanda chozigwirizanitsa. Nthawi zina magalasi a zitseko zina amakana pamene vuto lili pa chitseko cha dalaivala, poti swichi yaikulu yolamulira onsewo ili kumeneko.

Fyuzi ikamapsa mobwerezabwereza, makamaka mukangotsegula kapena kutseka chitseko, ndiye kuti khungu lasendeka ndipo waya akukhudza mnzake kapena chitsulo. Imeneyo ndi shoti. Musaike fyuzi ya nambala yaikulu, ndipo musamange kawaya kapena pepala la siliva m'malo mwa fyuzi. Fyuzi ikapanda kupsa, chimapsa ndi mtolo wonse wa mawaya, ndipo galimoto imagwira moto choncho.

Zofunika kukhala nazo

Sipanala ya 10, masikurudiraiva, pulayala yodulira ndi yosendera waya, multimeter (mita yoyezera magetsi), heat shrink (kapaipi kokutira waya kamene kamafota n'kuthina mukakatenthetsa) ya misinkhu iwiri kapena itatu, tepi, ndi foni yojambulira. Polumikiza mufunika soldering iron (chitsulo chotentha chowotcherera) ndi solder (mtovu wosungunulira pa mfundo), kapena timachubu ta chitsulo tofinyira pamodzi ndi pulayala yake. Heat shrink yokhala ndi guluu m'kati ndiyo yabwino pa chitseko chifukwa m'chitseko mumalowa madzi mvula ikagwa.

Pa waya ndiye ndichedwepo, chifukwa ntchito zambiri zimawonongekera apa. Waya wa m'nyumba, uja wa kopa mmodzi wolimba, asayandikire n'komwe pa chitseko, sangapirire kupindidwa. Mufunika waya wa galimoto, wa timawaya tambirimbiri tofewa m'kati. Kunenepa kwake kufanane ndi amene mukuchotsayo, kapena kuposako pang'ono, koma osachepera. Pa magalimoto a ku Japan mupeza misinkhu ngati 0.5, 0.85, 1.25 ndi 2.0 mm², yaing'onoyo ya masipika ndi maswichi, yaikuluyo yonyamula moto wa mota ya galasi. Poyerekeza musayang'ane khungu. Sendani muone kopa wa m'kati, poti waya wina ndi wonenepa khungu lokha.

Palinso waya wotchipa amene amaoneka ngati kopa koma m'kati ndi aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba. Palani kawaya kamodzi ndi mpeni. Kakayera ngati siliva, musiyeni, amathyoka msanga. Ine ndimakonda kugula chidutswa cha mtolo wa mawaya kwa ophwasula magalimoto, chochokera pansi pa dashibodi kapena m'mbali mwa mipando, kumene mawaya sanapindidwepo. Ndi kopa weniweni, misinkhu yonse ilimo, ndipo nthawi zambiri mumapezamo mitundu yofanana ndi yanu.

Chotsani batire

Ngati galasi likutheka kukwera, likwezeni musanayambe, kuopa kuti ntchito ingagone galasi lili pansi. Kiyi akhale m'thumba mwanu, osati m'galimoto. Kenako masulani mutu wa minus wa batire ndi sipanala ya 10, n'kuuika pambali poti sungabwerere wokha.

Musanamasule ganizirani wailesi. Mawailesi ambiri a sikirini amene amabwera ndi magalimoto a ku Japan, moto ukangochoka amafuna kadi yake ya SD kapena nambala yachinsinsi, ndipo popanda zimenezo amangoonetsa zilembo za Chijapani osalira. Onani ngati kadiyo ilimo. Ngakhale zili choncho, batire ichokebe. Wailesi yokhoma ili ndi njira yake, koma kompyuta ya galimoto ikapsa ndi shoti ndalama zake n'zina.

Mukachotsa dikirani. Mabuku a Toyota amati masekondi 90, a Honda amati mphindi 3, kuti moto wotsalira wa airbag (thumba la mpweya lofufuma pa ngozi) uthe. Ine ndimadikira mphindi 5. Magalimoto ena ali ndi sensa ya airbag m'chitseko momwemo. Mukaona pulagi yachikasu, kapena mawaya okutidwa ndi tepi kapena paipi yachikasu, amenewo ndi a airbag: musawadule, musawawotcherere, musawayeze ndi mita. Ngati oduka ndi amenewo, chofunika ndi mtolo wina wathunthu, ndipo ntchitoyo isiyireni wa zamagetsi a galimoto wodziwa.

Tsegulani paipi, mupeze mpata

Tsegulani chitseko mpaka kumapeto. Paipi ija ili ndi milomo iwiri, wina wolowa m'chitseko, wina m'thupi la galimoto. Ikokeni ndi zala, kapena muitokose ndi chinthu chosathwa. Mukaiboola ndi sikurudiraiva madzi azidzalowera pomwepo. Milomo ikatuluka, ikwinyeni paipiyo mbali imodzi kuti mawaya aoneke.

Kamangidwe kali pawiri. Pa Toyota zambiri mawaya amangodutsa, ndipo mapulagi ake ali m'kati mwa galimoto, kuseri kwa pulasitiki imene ili pambali pa phazi la dalaivala. Pa magalimoto ena, monga Volkswagen Golf 5, pulagi yaikulu ili pa mzati wa thupi la galimoto pomwe pali mahinjesi, pansi pa mlomo wa paipi, ndipo ili ndi kotsekera kake kamene muyenera kumasula musanakoke. Mulimonsemo, musayese kugwira ntchito mu kampata ka zala zitatu kali pakati pa chitseko ndi mzati. Ndimo mmene anthu amapangira zolumikiza zoipa. Chotsani pulasitiki ya pa phazi ija, zulani mapulagi, chotsani chikuto cha m'kati mwa chitseko, ndipo mukokere mtolo wonse kunja kuti muugwire bwino m'manja. Kuseri kwa chikutocho kuli pepala la pulasitiki lomatidwa. Limatuleni mosamala, lidzabwerera.

Musanazule chilichonse, jambulani. Jambulani pulagi iliyonse kumbuyo kwake kuti mitundu ya mawaya ndi mabowo ake zioneke. Jambulaninso njira imene mtolo wadutsa m'chitseko, chifukwa mukadzaubweza molakwika galasi lidzaukola potsika.

Fufuzani waya aliyense

Matulani tepi yakale. Woduka kwathunthu aoneka yekha, koma musakhutire naye. Anzake anapindidwa kofanana naye. Gwirani waya mmodzimmodzi ndi manja awiri n'kumukoka pang'ono. Waya wamoyo salola. Amene kopa wake waduka m'kati, khungu lili bwinobwino, amatamuka ngati chingamu ndipo amaonda pamalo oduka. Kenako pindani aliyense pa chala mukuyang'anitsitsa pa kuwala. Ming'alu ya khungu imatseguka pakamwa ngati zidendene za m'chilimwe. Kawirikawiri onenepa ndi amene amayamba, makamaka wobweretsa moto ndi wa earth (wobweza moto ku chitsulo cha galimoto). Pa Toyota wa earth amakhala woyera wa mzere wakuda, pa Volkswagen wabulawuni.

Amene mukumukayikira muyezeni. Ikani mita pa kulira (pamene imalira waya akakhala wosaduka) kapena pa ohm, nsonga imodzi pa pini ya mu pulagi ya mbali iyi, ina pa pini ya mbali inayo. Waya wabwino amaonetsa zosakwana 1 ohm. Muzimugwedeza uku mukuyeza. Kulira kukamadukiza, waduka m'kati. Dziwaninso kuti waya wotsala ndi timawaya tiwiri tokha amaliza mita bwinobwino, koma mota ikafuna moto wambiri amalephera. N'chifukwa chake maso ndi zala zimaposa mita pa ntchito imeneyi.

Ngati oposa theka ang'ambika, lekani kuwerenga. Sinthani chigawo chopindikacho pa mawaya onse, kapena mugule mtolo wa chitseko wa galimoto yofanana ndendende ndi yanu. Pogula yerekezani mapulagi ndi zithunzi zanu, ndipo mutsegule paipi yake pomwepo muone ngati nawonso sunayambe kung'ambika.

Polumikiza pasakhale popindika

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Chimene chimabwera msanga m'mutu ndi kutenga nsonga ziwiri zodukazo, kuzisenda, kuzipota, kukulunga tepi n'kubweza paipi. Galasi limatsikadi tsiku limenelo. Koma mwafupikitsa waya amene anali kale wokokeka, ndipo mwaika mfundo yolimba pakati penipeni pa malo opindika. Mfundo sipindika, ndiye kupindika konse kumasamukira m'mphepete mwake, pa kopa wotopa kale. Pakapita miyezi yochepa amadukanso pambali pa mfundoyo. Ndinatsegulapo chitseko china n'kupeza mfundo zitatu pa waya mmodzi, iliyonse pafupi ndi inzake, tepi itasungunuka n'kumata mtolo wonse.

Chofunika ndi kuchotsa chigawo chonse chimene chimakhala mu paipi, n'kuikapo waya watsopano wathunthu. Mfundo zikhala ziwiri pa waya aliyense: imodzi m'kati mwa chitseko, ina m'kati mwa galimoto, iliyonse masentimita 5 mpaka 10 kuchokera pamlomo wa paipi, pamene mtolo umangokhala duu osagwedezeka. Mu paipi mudutse waya wosalala wopanda chotupa chilichonse.

Gwirani waya mmodzi, mumalize, kenako wina. Mukadula onse nthawi imodzi mudzapeza awiri a mtundu wofanana, osadziwa uyu apita kuti. Ngati watsopanoyo ndi wa mtundu wina, mangani katepi kolembapo nambala mbali zonse ziwiri, kuti wodzatsegula m'tsogolo asadzavutike.

Dulani chigawo chakalecho, chigonekeni pambali pa waya watsopano, ndipo mudule watsopanoyo motalikirapo ndi sentimita imodzi kapena ziwiri. Akafupika adzakokeka chitseko chikatseguka, akatalika kwambiri adzapindana mu paipi. Mfundo za mawaya oyandikana zisakhale pamzere umodzi. Zisiyanitseni ndi masentimita 2 kapena 3, kuti mtolo usatupe komanso kuti ina ikasendeka isakhudze inzake. Sendani n'kuona kopa: akhale wowala. Ngati wada kapena wabiriwira, dulani chakumbuyo mpaka mupeze woyera, poti solder sagwira pa kopa wadzimbiri.

Zinthu ziwiri zimaiwalika kawirikawiri, ndipo zonse zimakubwezani m'mbuyo. Lowetsani heat shrink musanalumikize. Ndipo waya watsopano adutse mu paipi musanamange mfundo yachiwiri. Akamakanirira mu paipi, pakani madzi a sopo pang'ono. Oilo ndi girisi zimadya labala.

Kufinya kapena kuwotcherera

Ku fakitale mawaya a galimoto amafinyidwa, ndipo mfundo yofinyidwa bwino imapirira kugwedezeka kwa misewu yathu ya fumbi. Ubwino winanso sifuna magetsi, moti akathima ntchito siima. Koma pafunika pulayala yake yeniyeni. Kachubu kophwanyidwa ndi pulayala wamba kamaoneka kogwira pamene waya akuseweramo. Sendani pafupifupi mamilimita 7, lowetsani timawaya tonse osasiya ngakhale kamodzi panja, finyani, kenako kokani mwamphamvu. Akasololoka, yambiraninso.

Powotcherera, sendani sentimita imodzi ndi theka mbali zonse, pingasani nsongazo n'kuzipota chogona motsatira waya, osati choimirira ngati mchira. Tenthetsani kopayo ndi iron kuchokera pansi, ndipo solder mumukhudzitse pa kopa, osati pa iron. Akangolowa m'timawaya n'kuwala, chotsani. Mukachulutsa amayenderera pansi pa khungu n'kuumitsa waya ngati msomali. Solder akhale wa zamagetsi, wa rosin m'kati. Uja wa asidi wowotcherera mapaipi ndi mabigiri amadya kopa pang'onopang'ono. Mfundo ikazizira ipapaseni, ndipo kansonga kalikonse kobaya kaphwatalitseni ndi pulayala, kangaboole heat shrink.

Kokerani heat shrink pamfundo, ipitirire sentimita imodzi mbali zonse, ndipo muitenthetse mozungulira. Ngati mukugwiritsa ntchito laita, lawi lizidutsa chapatali osaima malo amodzi. Kupota ndi zala n'kukulunga tepi yokha ndi kwa panjira, kongofikira kunyumba.

Mukapeza mawaya awiri opyapyala opotana okhaokha ngati chingwe, amenewo kawirikawiri amanyamula mauthenga a kompyuta, ndipo kupotanako kumawateteza ku phokoso la magetsi ena. Mukasintha mmodzi sinthani onse awiri, akhale otalika mofanana, ndipo muwapotenso monga analili.

Akadukira pa pulagi penipeni

Nthawi zina waya amadukira pakhosi pa pini, osasiya poti n'kulumikiza. Musathire solder m'bowo la pulagi, mungasungunule pulasitiki n'kumata mapini awiri. Pini iyenera kutuluka. Mapulagi ambiri ali ndi kotsekera kachiwiri, kapulasitiki ka mtundu wina kutsogolo kapena pambali, kakwezeni kaye. Kenako lowetsani kachitsulo kopyapyala, ngati singano yaikulu kapena pini ya m'tsitsi yophwatalitsa, kutsogolo kwa bowo, mukankhe kadzino kogwira pini uku mukuikankhira kumbuyo. Isafune mphamvu. Ikakana ndiye kuti kadzino simunakapeze.

Njira yachidule ndi kugula pulagi yofanana kwa ophwasula, yodulidwa ndi mawaya ake otalika ngati chikhatho ndi theka. Tulutsanimo pini ya msinkhu womwewo pamodzi ndi waya wake, ilowetseni mu pulagi yanu mpaka imveke kuti thapu, ikokeni pang'ono kuti mutsimikize, ndipo mfundo mukaimangire kutali ndi popindika monga tanenera.

Poti pulagi ili m'manja, yang'anani mapini onse. Zobiriwira ngati ndere ndi chizindikiro chakuti madzi amalowa. Tsukani ndi contact cleaner (mankhwala opopera otsukira mapini a magetsi) ndi kaburashi, muumitse. Pini yobwerera m'mbuyo kapena yakuda ndi kutentha isinthidwe, ndipo mufufuze kumene madziwo akuchokera, kawirikawiri ndi paipi yong'ambika kapena yosakhala bwino.

Yesani musanatseke

Bwezani mapulagi, mangani batire, chikuto chisanabwerere. Yesani chilichonse: magalasi onse kuchokera pa swichi ya dalaivala, maloko, galasi la pambali, sipika. Bwerezani uku mukuyendetsa chitseko monga munachitira poyamba. Zonse zikayenda, chotsaninso batire n'kumanga mtolo.

M'kati mwa chitseko ndi m'kati mwa galimoto kulungani tepi mothina, makamaka ya nsalu ngati mwaipeza, ndipo mumangirire mtolo pa timabowo take ndi cable tie (timalamba ta pulasitiki) kuti mfundo zisalendewere. Koma chigawo cha mu paipi musachimange ngati mtolo wa nkhuni. Mawaya afunika kutsetsereka pa anzawo chitseko chikamayenda. Tepi yozungulira motalikirana, kapena timalamba tiwiri chabe, n'zokwanira.

Matani pepala la pulasitiki lija pamalo pake, chifukwa ndilo limaletsa madzi a m'chitseko kufika pa swichi ndi chikuto. Tokosaninso timabowo totulutsira madzi pansi pa chitseko, timatsekeka ndi fumbi. Milomo ya paipi ilowe mozungulira monse, ndipo paipiyo isapotoke. Ina ili ndi kamuvi kosonyeza kumwamba.

Batire ikabwerera, galasi la dalaivala likhoza kuiwala kukwera lokha mukadina kamodzi. Sikuti mwalakwitsa. Pa magalimoto ambiri mumalitsitsa, n'kulikweza mutagwira swichi mpaka litseke, ndipo mumapitiriza kuigwira masekondi angapo litatseka kale. Pomaliza gwadani pafupi ndi mahinjesi, wina azitsegula ndi kutseka chitseko pang'onopang'ono, inu mukuyang'ana paipi. Izipindika mofewa, osakokeka chitseko chikatseguka kwathunthu, osapanika chikamatseka. Thirani ndowa ya madzi pa galasi ndi pa mahinjesi, kenako pisani dzanja pansi pa kapeti wa pa phazi la dalaivala muone ngati pali pouma.